Umm Mazin ndi Mchenga wa pa Kona Yachinayi

"Bwererani ku migolo yanu, mayi! Pano si pophunzitsira anthu kubwerera cham'mbuyo! Mwationongera m'mawa wonse!"

Wokuwayo anali Talal, mwana wa mwini mahotela, helemeti ili m'manja, nkhope ili psuu. Amene amawakuwira anali Umm Mazin, asanatsike n'komwe m'galimoto. Ine Darwish, wa matayala ku Mabela, ndinali nditagwada patayala lawo lakutsogolo ndi choyezera mpweya. Ndinadzuka nacho m'manja.

"Iwe Talal, tsitsa mawu. Awa ndi msinkhu wa mayi ako."

"Inu amalume, popani matayala basi."

"Upitirize uone ngati sindikupopa iweyo."

Ndiyambe ndakuuzani za mayiwa, chifukwa ena mumangowaona akudutsa. Dzina lawo ndi Thuraya, koma mzinda wonse wa Seeb amawatchula Umm Mazin, ndiko kuti mayi a Mazin, kutengera mwana wawo woyamba. Zaka makumi awiri ndi zitatu akhala akuphunzitsa azimayi kuyendetsa galimoto. Tsiku lonse ali pampando wapambali m'kagalimoto koyera ka mizere yofiira, phazi lili pabuleki yachiwiri, akulowetsa anthu cham'mbuyo pakati pa migolo mpaka akakhoze mayeso. Mkazi wanga analephera migoloyo kasanu ndi aphunzitsi ena, nalumbira kuti chiwongolero sadzachigwiranso. Umm Mazin anamutenga, masiku awiri oyamba osalizako injini, kumangomwa naye tiyi wa karak m'galimotomo. Lero mkazi wangayo amandilanda makiyi. Ndiye munthu akanyoza mayiwa ine ndili pomwepo, asayembekezere kuti ndiyang'ana kumbali.

Ana atakula, anagula Porsche yakale kwa dokotala wina amene amabwerera kwawo. Anthu anati agulira Mazin. Mazin mpaka lero sanaikhudzepo, kupatula poitsuka. Mumsewu mayiwa amaiyendetsa pang'onopang'ono moti a matakisi amawaimbira hutala. Koma Lachisanu m'mawa, kubwalo la kalabu yathu yothamangitsa galimoto, kuchipululu kuseri kwa Barka, amamanga mpango bwinobwino, helemeti pamwamba, ndipo zikatero iwalani za migolo.

Palibe anawaphunzitsa. Anayambira m'gulu la atsopano, lija loyenda pamzere kumbuyo kwa galimoto yotsogolera, anyamata akuseka kuti azakhali asochera njira ya kumsika. Zaka zitatu akukwera pang'onopang'ono, mpaka anapatsidwa khadi yofiira, ya gulu lothamanga kwambiri. Mkazi ndi iwo okha m'gululo, zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndipo matayala amawamva ndi msana. Amabwera n'kunena, "Darwish, lakumbuyo kumanja lakhuta pang'ono." Ndikayeza, ndi zoona. Ine zaka makumi atatu m'matayala ndimafunabe choyezera!

Tsono Lachisanu limenelo unali ulendo womaliza tisanatseke kupita kumzikiti. Galimoto zisanu ndi zitatu, iwo patsogolo, Talal pambuyo pawo ndi matayala atsopano, anzake ali pampanda ndi mafoni kumujambula. Mphepo inali itatembenuka. Pozungulira kachitatu, atangotsika kachitunda kobisa kona yachinayi, Umm Mazin anaponda buleki, kuyatsa magetsi ochenjeza, kutulutsa dzanja pawindo, n'kukhala pakatikati pa msewu. Lamulo lathu ndi lakuti sudutsa mnzako asanakupatse chizindikiro. Iwo sanapereke. Anakoka mzere wonsewo ngati akupita kumaliro, mpaka kudzaimika pomwe tinali ife. Nthawi n'kuthera pomwepo.

Talal atatopa kukuwa, mayiwo anavula helemeti, nakonza mpango.

"Pa kona yachinayi pali mchenga, mwana wanga."

"Mchenga uti? Tonse tadutsa pomwepo, palibe waterereka!"

"Mwadutsa pang'onopang'ono."

"Mbendera yachikasu yochenjeza munaiona?"

"Sindinaione."

"Ndiye basi! Mwamva nonse? Mantha awagwira, akunamizira mchenga!"

Apo ndi pomwe anatulukira Abu Qais, wapampando wa kalabu, mkanjo woyera mbee, akununkhira lubani. Anali ndi alendo m'tenti, akuluakulu ena amene amafuna awathandize kukulitsa bwalo, ndipo phokosolo linamuchititsa manyazi. Sanafunse zambiri. Anati kutsekereza anzako popanda mbendera ndi mlandu, komiti inalemba kale. Khadi yofiira ibwezedwe, mayi abwerere ku gulu la atsopano chaka chathunthu.

Ndinadikira kuti mayiwo akalipe. Anthu inu, ndinadikira! Iwo anangotsegula kachikwama, kutulutsa khadiyo, kuipukuta ndi chala, n'kumupatsa ndi manja awiri. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Darwish, usakoke buleki yamanja, mabuleki akadali otentha. Ika mwala kutayala."

Khadi ya zaka zitatu yapita, iwo akuganiza za mabuleki.

Mwala ndinaika. Kenako ndinatenga tsache ndi thumba la mpunga lopanda kanthu, kukwera pikapu yanga, ulendo ku kona yachinayi. Mlonda wa pageti anayesa kundiimitsa, ndinamuuza kuti asankhe pakati pa geti ndi miyendo yake.

Mchenga unalipo. Mphepo inauchotsa pamulu wakuseri kwa mpanda n'kuuyala msewu wonse, mbali ndi mbali, pamalo enieni pomwe munthu amayamba kukhota. Ukamachokera kuchitunda suuona mpaka utafika. Ndinaponda ndi nsapato, phazi linapita lokha. Pamenepo galimoto zimafika pa liwiro la handiredi sikisite, kutsogolo kuli khoma. Ndinayang'ana kukanyumba ka wambendera. Mpando ulipo, botolo la madzi lilipo, mbendera zili zokulunga bwinobwino pakhoma. Munthu palibe.

Ndinasesa mpaka thumba linadzaza theka, kuliponya paphewa, molunjika kutenti. Ndipo wambenderayo, Sabir, ndinamupeza momwemo. Ali chilili ndi mtsuko wa khofi kudzanja lamanzere, timakapu kumanja, akuthirira alendo.

"Sabir, kona yachinayi waisiyira ndani?"

Anayang'ana pansi. "Anandiitana, amalume. Akuti wothira khofi sanabwere."

"Anakuitana ndani?"

Anangopitiriza kuthira khofi, ndipo sindimuda. Ali ndi ana anayi.

Ndinakhuthula thumba lonse pakapeti, pakati pa mbale ya zipatso za tende ndi ya maswiti a halwa. Fumbi kuti kobo! Alendo anakweza mapazi. Abu Qais anadzuka.

"Darwish, wapenga? Pamaso pa alendo?"

"Alendo ndawalonjera, Mulungu awapatse moyo wautali. Uwu ndi mchenga womwe kulibe uja. Talal ali kuti? Bwera udzaugwire, mwana wa bwana, mwina uwuzindikira. Ukanakhala uli m'mano mwako pano."

Talal anali pakhomo la tenti. Anasuzumira, nayang'ana foni yake ngati muli nkhani yofunika.

"Tikambirana kukomiti," anatero Abu Qais motsitsa mawu. "Nthawi ya mapemphero yakwana."

"Yakwanadi, ndipo tikaima mzere umodzi, ine ndi inu. N'chifukwa chake ndikufunsa tisanapite."

Kunja ndinamva injini ya Porsche ikulira. Umm Mazin amanyamuka, pang'onopang'ono monga mwa masiku onse, Lamlungu m'mawa ali ndi wophunzira wa migolo. Sanadandaule kwa aliyense ndipo sadandaula, ndimawadziwa. Lachisanu likubwerali adzafika m'mamawa n'kukaima pamzere wa atsopano, anyamata akuseka. Zimenezo ine ndiye sindilola.

"Abu Qais, khadi ija ili m'thumba la mkanjo wanu, ndikuiona. Mwailanda pamaso pa anthu, muibweza pamaso pa anthu. Koma choyamba yankhani, alendo anu amve nawo. Galimoto zisanu ndi zitatu zili pabwalo, mphepo ikuwomba, ndani anachotsa munthu pa kona yachinayi kuti adzathire khofi? Ndani? Sindisuntha pakapeti pano mpaka mwini wake atatchula dzina lake ndi pakamwa pake!"