Nkhuku Yapita Kutchuthi

Mkazi wanga atamwalira ndinasiya kudya nyama. Sindinalumbire kanthu ayi, kungoti ndikaiika m'kamwa inkakhala ngati thonje. Ku mapemphero a m'makomo ku Manja ndinkakankhira nkhuku pambali, mpaka ndinaganiza zosiya kupitako, kuopa kunyoza ophika.

Lachinayi lina ndinapita kukatsanzika. Titapemphera, mayi a pakhomopo anavundukula mbale. Munali nandolo ndi chigwada chotendera basi.

"Nkhuku yathawa, mayi?" anafunsa akulu ampingo.

"Yapita kutchuthi. Lero tonse tidya zimene amadya abambowa," anatero akuloza ine.

Anthu anaseka, nayamba kudya. Ine sindinamve kukoma kulikonse, koma mbale yanga ndinaimaliza. Zotsanzika zija sindinazitchule, ndipo sabata yotsatira ndinapitanso.