Njinga ya Tadala imene anaibisa

Jumanne wojambula mafilimu uja ndamuona lero pa TV, Tadala mwana wanga, akumuombera m'manja kuti ndi bwenzi la ana olumala.

Atabwera kwathu ku Buguruni, unali pa njinga ya olumala ndinakuwotcherera ndekha ija, ukuthamangitsa nkhuku, ukuseka mpaka kutsokomola. Anakujambula. Kenaka anati, "Mzee, achikulire, njingayi tibise, akwawe kuti anthu amve chisoni." Ndinakana. Anandituma kukagula soda kusitolo, pobwera ndinakupeza m'fumbi, mawondo atasupuka, ukundifunafuna ndi maso. Filimu yake inaonetsa zokhazo, ndipo unalowa m'manda dziko likukudziwa ngati mwana wokwawa.

Maso anga ayamba kuchita mdima. Inu amene mumamudziwa Jumanne muuzeni: ndisanafe, andipatse chigawo chimene anadula chija, Tadala akuseka pa njinga yake.