Dzanja Limene Tinamanga ndi Luzi

Inu okonda nkhani zolimbitsa mtima, khalani pansi. Koma ndikuuzilenitu, ine sindidziwa kunyengelela. Dzina langa ndine Olipa. Sukulu ndinalekela Sitandadi Thuu. Mwamuna wanga anafela mumgodi ku Halale, ndipo chimene anatitumizila eni mgodi ndi jekete lake ndi kapu yachitsulo. Koma nkhani iyi si yanga. Ndi ya mwana wanga Perpetua.

Mwezi wa Julai 1958, nthawi yothyola thonje, Perpetua anafika kwathu ku Ndake dzuwa lili pamutu. Anayenda wapansi kuchokela ku Nyimba. Manja ake anali bii ndi utoto wakuda. Moni sanapeleke. Anakhala pa mtondo nayang'ana pansi.

"Amai, auzeni amalume kuti ndavomela. A Njobvu anditenge."

A Cosmas Njobvu anali nkhalamba imene inakumba golide ku Sasare mwanayu asanabadwe. Akazi anali nawo awili kale, ndi chifuwa chosatha. Mlongo wanga Josiah, amene ali malume a Perpetua, anali atawalonjeza mwanayo. Zaka ziwili mtsikanayu anali kukana. Tsiku limenelo anavomela yekha, popanda womukakamiza. Kuti mumvetse chimene chinamuthyola, ndiyambe ndi dzanja.

Perpetua anabadwa wamanzele. Kwathu kuno dzanja lamanzele sadyela, sapatsila nalo akulu madzi, ndi la kuthengo. Atayamba sukulu, zilembo zake zinali kuyang'ana kumbuyo. I, U ndi A sizinamuvute, popeza zili chimodzimodzi mbali zonse. Koma S, N ndi D zinali kufulatila anzawo. Mphunzitsi, amene dzina lake sindifuna kulitchula, anali kumumenya ndi lula cham'mbali, pa mfundo za zala. Chala chaching'ono chinapindika mpaka lelo.

Nanga mai wake anachita chiani? Anapita kukamenyana ndi mphunzitsiyo? Iyai. Mai wake, ine amene, anatenga luzi namangilila dzanjalo m'chiuno, m'mawa ulionse, chaka chathunthu. Ndinati ndikumuthandiza. Uchitsilu wa chikondi uposa wa mowa.

Anaphunzila kulemba ndi dzanja lamanja, zilembo zoongoka, koma pang'onopang'ono ngati bilimankhwe. Mayeso a Sitandadi Folo anawalephela kawili. Mayankho anali kuwadziwa. Belu linali kulila ali pakati pa pepala.

Ndipo kunamveka kuti ku Nyimba kwabwela a Wilbroad Daka, amene anali kulemba zikwangwani za masitolo kumigodi. Anayamba kuphunzitsa achinyamata khumi ndi awili kujambula ndi kudinda nsalu, m'chipinda cha mishoni. Maphunzilo anali a miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pamapeto mmodzi yekha adzatsala kugwila nawo ntchito.

Ndinapita kwa Josiah.

"Alongo, mwana apite."

"Akajambule? Zithunzi adya?"

"Nanga chifuwa cha a Njobvu adya?"

Anatafuna mano. Potsiliza anati, "Apite. Akapanda kusankhidwa, abwela kuno, ndipo pakamwa pako udzatseke."

Perpetua anali kubwela kumudzi kamodzi pa mwezi, ndipo zimene anali kunena ndikumbukila bwino.

Mwezi woyamba anabwela atakwiya. "Amai, mizele yokhayokha! Woimilila, wogona, wopendeka, wozungulila. M'mawa mizele, masana mizele. A Daka ati munthu wosadziwa mzele ali ngati mlimi wosadziwa kugwila khasu."

Mwezi wachiwili mkwiyo unatha. "Anatiikila khasu pa tebulo kuti tijambule. Ine ndinajambula msanga. Iwo anati, 'Ili ndi khasu la m'mutu mwako. Ndifuna la pa tebulo.' Nditayang'anitsitsa ndinaona mng'alu pa mpini, ndi mthunzi wake. Amai, ndinali kuyesa kuti kujambula ndi ntchito ya dzanja. Ndi ntchito ya maso. Zaka zonsezi khasu ndinali ndisanalione."

Mwezi wina anandionetsa zala zobiliwila. Anati utoto wachikasu ukakumana ndi wabuluu ubala wobiliwila ngati msipu, ndipo iye anakuwa m'kalasi anzake namuseka. Anatinso malo opanda kanthu pa pepala nawonso ndi ntchito, monga mpata wa pakati pa mapando a chimanga: ukaupanikiza, zonse zifa. Mwana amene ndinamuzolowela ali duu anali kulankhula mpaka ndiwo kupselela.

Koma zonsezi anali kuchita ndi dzanja lamanja. Lamanzele anali kulikhalila. A Daka anamufunsa tsiku lina, "Dzanja wabisalo linaba chiani?" Iye anati, "Lidwala, bambo." Sananame kwenikweni.

Kutatsala sabata imodzi kuti ayesedwe, Josiah anakwela njinga napita ku Nyimba kukamutenga. Anati azilongo a a Njobvu afuna kumuona, kuona mmene asinjila ndi mmene agwadila. Masiku atatu. M'masiku atatu omwewo a Daka anaphunzitsa chinthu chimodzi chachikulu: kuti posema chidindo, zilembo uziseme chobwelela, pakuti ukadinda pa nsalu zitembenuka. Anzake anaphunzila kuchita zimenezi ndi kalilole. Perpetua atabwelela palibe anamuuza. Malo anali amodzi, amuuzilenji?

Tsiku la mayeso aliyense anapatsidwa thabwa, kampeni kosemela ndi kansalu kamodzi. Mau oti aseme anali THONJE. A Daka anawasiya napita kukaona galimoto imene inabweletsa utoto. Perpetua anakhala pangodya yekha monga mwa masiku onse. Anasema ndi dzanja lamanja, mosamala, chilembo chilichonse choongoka monga mmene lula inamuphunzitsila. Anapaka utoto. Anadinda. Ananyamula thabwa.

E anali kutsogolo, T kumapeto. N, J ndi E zinam'fulatila, monga zija za pa sileti ali mwana.

Mtsikana wina dzina lake Mildred, amene anali naye pa sukulu ali ana, anasuzumila nakuwa, "Bwelani muone! Matenda aja ayambanso!"

Kalasi lonse linaseka. Perpetua sanayembekeze a Daka. Anatuluka, nayamba ulendo wa ku Ndake ndi utoto m'manja.

Chimene anandiuza pambuyo pake ndi ichi: "Amai, ndinasema bwino. Ndinasema ndi dzanja loyenela. Zinatembenuka zokha. Ndiye kuti cholakwa si dzanja. Cholakwa ndine."

Mumuyankha chiani mwana wotele? Ine za zidindo sindinali kudziwa. Nanenso ndinayamba kuganiza kuti mwina anamulodza.

Masabata atatu anathyola thonje osalankhula. Sanali kulila. Akadalila bwenzi kuli bwino. A Njobvu anatumiza nsalu yoyela, yatsopano, yoti asokele delesi la ukwati. Inakhala pa chingwe m'nyumba ngati nsalu ya malilo ikuyembekeza mwini wake.

Tsiku lina masana Josiah anaima pakhomo. "Mailo m'mawa abwela ankhoswe. Mwana asambe."

Atachoka tinakhala pakhonde kusenda chinangwa. Ine mkwiyo unandikwela, ndipo monga mwa chizolowezi changa ndinautsanulila pa wosalakwa.

"Ungoti zii ngati mbuzi ya pa msika? Lankhula!"

Anandiyang'ana. Anasamutsa mpeni kuchoka ku dzanja lamanja kupita ku lamanzele, pamaso panga, chinthu chimene sanachitepo chichokele ali ndi zaka zisanu ndi ziwili.

"Munalimanga, amai. Lelo lichite zimene lifuna. Mailo ndi la a Njobvu."

Anadula chinangwa pakati. Pa mbali yosalala anasema S, yake ija yofulatila imene anamenyedwela. Anakanda mwaye kunsi kwa mphika, nausakaniza ndi mafuta a nsatsi, napaka. Analowa m'nyumba, nakoka nsalu yoyela ija, naiyala pansi. Cholinga chake chinali kuiononga basi. Anadinda ndi mphamvu yonse, phwa!

Ananyamula chinangwa.

"Amai, bwelani. Welengani."

"Ndi S."

"Yayang'ana kuti?"

Ndinayang'anitsitsa. Sitandadi Thuu yanga inakwanila pamenepo. "Yayang'ana kumene iyenela."

Anayang'ana chinangwa, nayang'ana nsalu, nayang'ananso chinangwa.

"Choongoka chituluka chopotoka. Chopotoka chituluka choongoka. Amai, si ine! Ndi mmene chidindo chilili! Chinali kufuna dzanja ili!"

Apo ndipo analila. Kenaka anapukuta mamina natenga mpeni. Pa zidutswa zina za chinangwa anasema zilembo zina zisanu ndi chimodzi, osaima, osaganiza, dzanja likuthamanga ngati galu womasulidwa. Anayeza mipata ndi kachitsotso kuti ifanane, monga anaphunzitsila a Daka. Anadinda mzele ndi mzele mpaka nsalu kudzala, ndipo m'mbali anazunguliza tsamba la thonje. Dzuwa lisanalowe inali pa chingwe panja.

M'mawa ankhoswe anakhala pansi pa mtengo wa mango. A Njobvu anabwela okha, sanathe kupilila. Perpetua anatuluka atafunda nsaluyo kuyambila m'khosi mpaka ku akakolo, nagwada bwinobwino.

A Njobvu sadziwa kuwelenga. Anaomba m'manja. "Ha! Nsalu yanga yakongola chonchi? Mkazi waluso uyu! Yalembedwa chiani, a Josiah?"

Josiah adziwa kuwelenga. Anatembenuzila nkhope kumbali.

Ndinati, "Ndikuwelengeleni ine, bambo. Apa yalembedwa SINDIFUNA. Apa SINDIFUNA. Kumbuyo kulinso, atembenuke?"

Nkhoswe wina anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

Josiah anaimilila. "Olipa, wapenga? Amesenjala a boma akaona adzati mukukana boma la Chitaganya! Mudzamangidwa nonse!"

"Chitaganya nachonso tinachifuna liti? Anangotikwatitsa, ngati mmene muchitilamu."

A Njobvu anatsokomola nthawi yaitali. Pomwe anatha anati, "Mkazi wovala mau sindimufuna. Nsalu yotukwana sindiitenganso." Anatola ndodo yawo napita.

Mukuyembekeza kuti ndinene kuti kuyambila pamenepo zonse zinayenda bwino. Bodza sindinena. Josiah anatilanda dimba la kumtsinje limene linali kutidyetsa m'chilimwe. Mpaka lelo tikakumana pa malilo ayang'ana kumbali. Chaka chimenecho ndinadya mango owilitsa.

Perpetua anapinda nsalu nabwelela ku Nyimba wapansi. A Daka anaiyala pa tebulo, nayeza mipata ndi chala.

"Anakuuza ndani za kutembenuza?"

"Chinangwa, bambo."

"Kalilole unamupeza kuti?"

"Tilibe."

Anamupatsa thabwa ndi mpeni. "Sema THONJE." Anzake ntchito imeneyo inali kuwatengela m'mawa wonse, diso ku kalilole. Iye anaimaliza tiyi wa a Daka asanazizile. Iwo anagwila dzanja lamanzele lija, naona chala chopindika, napukusa mutu.

"Ukadandiyembekeza tsiku lija, mwana iwe. Malo ndinapatsa kale Mildred. Mau anga sindibweza."

Mwamva? Anapambana, koma mochedwa ndi masabata atatu. Chimene anapeza ndi chilolezo chosesa, kutsuka mabulashi ndi kusakaniza utoto, kugona m'chipinda cha zitini, ndi kusema akapeza mpata. Zaka ziwili anatsukila Mildred mabulashi. Sanachoke.

Lelo, 1961, ali ndi benchi lake pakhonde la sitolo ina ku Petauke. Asema zidindo za matumba a thonje ndi za masukulu, adinda nsalu za amai a mpingo. Si wolemela. Nyumba yake ndi chipinda chimodzi. Mwezi wa Juni kukazizila chala chija chimuwawa mpaka mpeni kugwa. Koma adya za dzanja lake, ndipo palibe nkhalamba imene imuitana kuti aitsukile mapazi.

Nditapita kukamuona ndinafuna kupepesa za luzi lija. Ndinangogwila dzanjalo. Iye anati, "Amai, a Daka anatiphunzitsa kuti usanafafanize mzele, uyambe wauyang'ana. Mwina wolakwika si umenewo." Anabweza dzanja lake napitiliza kusema.

Tsono iwe amene anakuuza kuti unabadwa chofulatila, amene walephela kawili nuyamba kukhulupilila kuti cholakwa ndiwe: usavomele msanga. Usathawe m'kalasi mphunzitsi asanabwele. Dziko lidzakulanda dimba, lidzapatsa wina malo ako, ndipo silidzapepesa. Ngakhale zili choncho, usataye mtima. Pali ntchito ina imene ikuyembekeza dzanja lomwelo limene ukulikhalila.

Ndipo inu makolo anzanga, amene muli ndi luzi m'manja m'mawa uno: masulani.