Waya Woyanikira Zovala wa Amayi

Mapolo a magetsi akanyowa ndi mvula amanunkha ngati phula, ndipo mpaka lero fungo limenelo limandichititsa nthumanzi. Ndinali mu Sitandade 6 chaka chimene mapolo anadutsa kwathu ku Nsaru kulowera kuchigayo. M'nyumba mwathu magetsi sanalowe ayi, ankangodutsa pamwamba pa fodya wa bambo. Koma polo imodzi anaizika kuseri kwa khitchini yathu, ndipo inali ndi waya wokhuthala wotsikira m'nthaka woichirikiza kuti isagwe. Amayi anga, a Nabanda, sankalola kanthu kukhala pachabe. Anatenga waya wotsala pomanga chigafa, uku n'kumangirira ku waya wa polowo, uku ku mtengo wa mango, basi poyanika zovala papezeka.

Mvula itakhazikika, mphenzi inadula waya wina kumsewu, ndipo ng'ombe yokoka ngolo inaponda m'chithaphwi momwe wayayo anagwera. Tinaipeza pochokera kusukulu itauma gwa, goli lidakali m'khosi, ubweya ukununkha kupserera. Chimene chinandisokoneza mutu n'chakuti pamwamba pathu anamzeze anali ndandanda pa waya, akudzikonza nthenga opanda nkhawa.

Mawa lake aphunzitsi athu a sayansi, a Kamanga, anabwera ndi mabatire a tochi, kababu ndi tiwaya tiwiri. Akalumikiza, kababu kankayaka. Akachotsa kawaya kamodzi, kankazima. "Magetsi sayenda ngati njira yawo yaduka penapake," anatero. "Mbalame yagwira waya yekha, siikhudza pansi. Ng'ombe ija inaima m'madzi, ndiye inasanduka njira. Chitsulo, madzi, ndi thupi lanu lomwelo, zonsezi magetsi amadutsamo."

Anzanga ankaombera m'manja kababu, koma ine maganizo anga anali pa amayi. Masabata amenewo amayi ankadandaula dzanja lamanja, ati likuchita dzanzi ndi kuluma ngati linthumbu. Iwo ankati ndi nyamakazi. Azimayi a kumpingo anabwera kudzawapempherera, azakhali ankanong'ona zotemera mphini, bambo anagula mafuta opaka. Palibe anaona kuti dzanjalo linkavuta Loweruka lokha, tsiku lochapa.

Ndinawauza amayi akutsuka mbale kuti waya woyanikira uja ali ndi magetsi. "Iwe Chisomo," anatero, "magetsi ali kumwamba uko, ine ndili pansi pano. Sukuluyi ikupengetsa, eti?" Ndinawapempha kuti azivalako majombo a bambo poyanika. Anaseka mpaka kupukuta misozi, ati kodi akhala wa kuesiteti tsopano. Ndinkawakonda amayi, koma makani awo ankandipsetsa mtima zedi.

Kuyambira pamenepo Loweruka ndinalida. Ndikamva ndowa ikulira pachitsime, ndinkasiya chilichonse chimene ndinkachita. Ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana mapazi awo opanda nsapato m'matope, madzi akuyenderera m'zigongono, ndipo m'maso mwanga munkabwera ng'ombe ija. Ndinkaopa kupita kokatola nkhuni, kuopa kudzapeza anthu atadzaza pabwalo.

Loweruka lina mvula inagwa m'mawa wonse, kenako dzuwa n'kutuluka loswa mtengo. Amayi anachapa bulangeti la bambo, lolemera, likuchucha madzi. Atalikweza kuti aliponye pa waya, sindinaganize kanthu, ndinangothamanga n'kuwakoka chitenje ndi mphamvu zanga zonse. Anadzandira chammbuyo, bulangeti n'kuwapulumuka, kugwera pa waya mbali ina ikukhudza matope. Anatembenuka dzanja lili m'mwamba kuti andiwombe khofi. Pomwepo tinamva kulira ngati madzi akagwera pa chiwaya chamoto, ndipo bulangeti linayamba kufuka nthunzi. Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono n'kundigwira paphewa.

Anthu okonza magetsi atabwera, anapeza kuti kambale kadothi kotchinga magetsi pamwamba pa polo kanang'aluka ndi mphenzi ija, moti kukanyowa magetsi ankatsikira mu waya wochirikiza. Mmodzi anafunsa kuti anamangirira zimenezi ndani. Amayi anayang'ana kumbali.

Nthawi imeneyo ndinkaganiza kuti magetsi ndi chilombo chimene chinasankha amayi anga. Lero ndikudziwa kuti sankasankha munthu, ankangofuna njira yopita pansi, ndipo amayi ndiwo ankaima pamenepo Loweruka lililonse. Iwo mpaka pano amati dzanja linachira ndi mapemphero a kumpingo, ndipo ine sinditsutsa. Koma atabwera kudzacheza kwanga ku Namitete, anaona waya wanga woyanikira. Pobwera kuntchito ndinapeza atamasula, atamangapo chingwe cha khonje.