Wokonza Njinga Amene Sankaseka

Tsiku limene ndinachita manyazi pamaso pa msika wonse ndinali nditavala jekete. Kunali kotentha koopsa, koma ndinalivala dala kuti ndioneke ngati munthu wodziwa zinthu. Sukulu sindinapite nayo patali. Chingerezi changa ndinachitola ndekha m'nyuzipepala zokulungira tinsomba ta kapenta, m'mabuku ong'ambika a ku mishoni, ngakhale pa matumba a feteleza. Anthu ankandibweretsera chilichonse chokhala ndi zilembo, n'kumanditcha ba ticha, ngakhale sindinagwirepo choko chibadwire.

M'zaka za m'ma 1990, wamalonda wina anamanga chisakasa kuseri kwa kamsika kathu, m'mbali mwa msewu waukulu kufupi ndi Rufunsa. Anatchinga mipata yonse ndi masaka a makala kuti mukhale mdima masana, anaika tivi ndi vidiyo pa tebulo, pansi pake batire ya lole. Matepi ankabwera ndi minibasi kuchokera ku Lusaka.

Loweruka lina anandipatsa bokosi la tepi kuti ndiuze anthu za filimu ya tsikulo. Pa bokosipo panali mkazi wa tsitsi lalitali atakwera kavalo woyera. Ndinaimirira, ndinakonza kolala, ndinalengeza kuti iyi ndi ya chikondi, amayi musaope, lowani ndi ana, kumapeto kuli ukwati. Sindinkadziwa kuti ku Lusaka tepi inkangoponyedwa m'bokosi lililonse limene lili pafupi. Tivi itayaka, tinaona chinthu choterera ngati mamina chikutuluka m'chombo chochokera kumwamba n'kulowa m'kamwa mwa mlonda. Amayi ena anatuluka chothamanga, ana akulira kumsana. Kondakitala wina wa minibasi anafuula kumbuyo kuti, "Ba ticha, kavalo wanu uja ni uyu?" Chisakasa chonse chinafa nalo phwete. Kuyambira pamenepo ndikamadutsa pamsika sipankalephera wina wolira ngati kavalo. Ndinkaseka nawo. Zinandiyenera.

Mafilimu a zakumwambawa tinkawakonda, ndipo m'chisakasa muja tonse tinali anzeru. Pankakhala gulu la anthu m'chombo, mmodzi n'kunena kuti chitseko icho musatsegule, anzake onse n'kumuseka. Ife tinkaimirira pa mabenchi. "Mumvereni mnzanu, mbuli inu! Musatsegule!" Pankakhala makina ooneka ngati anthu, oyenda phazi limodzi, otembenuka nthawi imodzi, ndipo amayi ogulitsa tomato ankagwedeza mutu n'kumati, "Zilibe nzeru izi, zingotsatirana ngati mbuzi." Palibe amene ankakhala mbali ya gulu. Aliyense ankadziona kuti ndiye mmodzi uja wokana.

Filimu ya tsiku la kavaloyo inapitirira chonchi. Chinthu chija chikalowa mwa munthu, munthuyo ankasiya kuseka, nkhope n'kuuma gwa. Anthu a m'tauni ya m'filimuyo atazindikira zimenezo anasonkhana, n'kuzungulira nyumba ya bambo wina amene sankaseka. Anthuwo anali atangofika pakhomo pake, ndodo m'manja, pamene chithunzi chinayamba kufupika, kenako tivi inazima. Batire inali itatha. Mwini vidiyo anaitumiza kukaitchaja, ndipo pamene inkabwera, tepi ija inali itabwerera kale ku Lusaka kukasinthitsa ndi ina. Palibe mmodzi wa ife amene anaona mathero ake. Mpaka lero sindikudziwa ngati bambo wa m'nyumba uja anali chilombo kapena munthu.

Koma pamsika pathu panali munthu amene sankaseka.

Anali wokonza njinga, ndipo ankakhala pansi pa mkuyu pafupi ndi pokwerera minibasi. Anabwera kuchokera ku migodi ntchito itatha, chifukwa mkazi wake anali wa cha ku Shikabeta. Ali pansi pa mgodi mwala unamugwera kumaso, ndipo mbali imodzi ya nkhope inafa. Ankalankhula pang'ono, Chinyanja chake chosakanikirana ndi Chibemba. Sindinganene kuti anali munthu wokoma kucheza naye. Pampu yake sankabwereketsa. Oyendetsa makala ankawakalipira kuti akupha njinga ndi katundu, ndipo ine anandiuzapo kuti tcheni changa chauma ngati mwini wake. Koma njinga zonse za m'dera lathu zinkadutsa m'manja mwake: za makala, za chimanga, ndi zonyamula odwala kupita ku chipatala cha ku Mpanshya. Mkuyu uja ndiwo unali munda wake. Analibe wina.

Anayambitsa ndi kondakitala yemwe uja. Mawa lake la filimu ija anaima patali ndi mkuyu, n'kuloza ndi chibwano. "Anyamata, mwaona? Chija chinafika kale kuno." Anthu anaseka, inenso ndinamwetulira, poganiza kuti nthabwala ya pamsika imafa dzuwa likamalowa. Iyi sinafe. Anyamata ankapita kukamunenera zoseketsa kuti aone ngati aseka, iye n'kumangopitiriza kumanga masipoko. Ankabwerako akugwedeza mutu. "Ngakhale pang'ono, anyamata. Nkhope ili chabe ndii."

Kenako mwana wa mayi wina wogulitsa tomato anakomoka atasewera pafupi ndi mkuyu. Anathamanga naye ku Mpanshya pa njinga imene bamboyo anali atangoikonza kumene. Anali malungo, anapatsidwa mankhwala, anachira. Koma nkhani imene inabwerera pamsika sinali ya malungo. Ankati mwanayo anayang'anidwa ndi bambo wa pa mkuyu. Nkhuku zitayamba kufa ndi chitopa, ankati zinadutsa pa mkuyu. Za filimu anthu anasiya kuzitchula, chifukwa munthu wamkulu sanganene poyera kuti akuopa zimene anaona pa tivi. Anayamba kugwiritsa ntchito mawu athu akale oopsa aja a ufiti, ena n'kumawatchula m'mapemphero. Koma muyeso unali womwewo wa m'chisakasa: munthu uyu saseka.

Chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti njinga sizinasiye kupita kwa iye. Zinangosiya kupita pa mkuyu. Ankazipititsa kunyumba kwake m'mamawa, kudzera njira ya kumunda, aliyense payekha, aliyense akuyang'ana uku ndi uku kuti mnzake asamuone. Ndinakumanapo ndi anthu awiri panjira imeneyo, wina akupita wina akubwera, onse akukankha njinga, ndipo anapatsana moni ngati akuchokera kotunga madzi. Masana anthu omwewo ankakhala pamsika n'kumati chinthu chija chichoke.

Pamsika pathu tinali ndi kachitidwe kathu ka misonkhano. Sitinkakweza manja. Nkhani ikakambidwa, wapampando wa komiti ankafunsa kuti, "Tagwirizana?" ndipo tonse tinkayankha pamodzi kuti, "Eee!" Wosagwirizana ankayenera kuimirira yekha, maso onse ali pa iye. Pa nkhani yokumba chimbudzi kapena yosesa pamsika, kachitidweka kanali kabwino, zinthu zinkatha msanga. Pa nkhani ya moyo wa munthu kanali msampha. Liwu lako linkalowa m'mawu a anzako n'kusowa, ndipo pambuyo pake palibe amene akanakuloza kuti iwe ndiwe unanena.

Msonkhano unachitika masana, pabwalo la pakati pa mashedi. Wokonza njingayo anamuika pa mpando patsogolo, chipewa chili pabondo. Wapampando anali bambo wogulitsa salaula, zovala za kaunjika zija, munthu amene njinga yake ndinaiona ndi maso anga itatsamira khoma la nyumba ya wokonza njingayo sabata lomwelo. Anayamba ndi mawu ofewa, akuti anthu ali ndi nkhawa, akuti msika ndi wa tonse. Ena analankhula za mwana uja, ena za nkhuku. Mayi wa mwanayo analipo, maso ali pansi.

Ndinaimirira. Jekete sindinavale tsiku limenelo, ndinali nditaphunzirapo kanthu. Ndinati, "Ba cheyamani, ndi inu nonse akuluakulu, mwana anadwala malungo, amayi ake ali apa, afunseni. Chitopa chimabwera chaka ndi chaka, bambo awa asanabwere chinkabwera. Nkhani iyi tonse tikudziwa kumene inachokera. Inachokera m'chisakasa umo, m'filimu imene ngakhale mathero ake sitinawaone. Mwina anthu aja ozungulira nyumba ndiwo anali olakwa. Si inu nomwe mumafuula kuti mumvereni mnzanu?"

Ndinaona nkhope zingapo zikuyamba kufewa. Pamenepo wina kumbuyo analira ngati kavalo.

Bwalo lonse linaphulika. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ndipo ndinaona kuti akuseka mopepukidwa, ngati munthu amene watula mtolo. Kondakitala uja anati, "Ba ticha afuna kutiuzanso za ukwati wa kumapeto!" Wapampando anapukuta misozi n'kunena kuti, "Mwamveka, ba ticha, khalani pansi." Za ine sindidandaula, kusekedwa ndinakuzolowera. Koma pamene onse ankaseka, munthu mmodzi yekha pabwalopo sankaseka, ndipo onse anamuona.

Mnyamata wina woyendetsa makala anaimirira. "Ni nkhani yapafupi iyi. Bamdala, ngati ndimwe munthu, sekani tione."

Ndimafuna ndikanaiwala zimene zinatsatira. Bambo uja anayang'ana anthu amene njinga zawo ankazidziwa ndi mtima, n'kunena motsitsa kuti, "Mwala unanigwera ku mugodi. Mukazi wanga adziwa." Mnyamatayo anati, "Sitinafunse za mwala." Ndiye munthu wamkulu uja, wa imvi, anayesa. Anakoka milomo. Mbali imodzi inakwera mpaka mano kuonekera, inayo inatsala pomwepo ili lende, diso likutuluka misozi. Mayi wina anakuwa n'kubisa nkhope ya mwana wake. Anthu amene anali kutsogolo anabwerera m'mbuyo.

Wapampando sanachedwe. "Tagwirizana kuti malo a pa mkuyu awasiye?"

"Eee!"

Linali liwu limodzi, lalikulu, losalala. Ndinati ayi, koma ngakhale ine mwini sindinadzimve.

Sanamumenye, sanamutenthere nyumba, ndipo ena mpaka lero amanyadira zimenezo, ati ife tinachita mwamtendere. Mtendere wanji? Munthu unamulanda pamene amadyera, unamuchititsa kuonetsa chilema chake pabwalo ngati nyani wa pa chingwe, ndiye ukuti mtendere chifukwa sunagwire mwala? Patapita masiku anakweza bokosi la zipangizo zake, matiresi ndi mkazi wake pa lole ya chimanga. Ndinamuthandiza kukweza bokosilo. Sanandithokoze, ndipo sindinaone chifukwa choti andithokozere. Anangoti, "Muziika mafuta ku cheni." Ndinamva kuti anapita kwa abale a mkazi wake, koma sindinamuonenso.

M'chisakasa ndinapitako kamodzi kokha pambuyo pake. Inali filimu inanso ya chombo. Mmodzi anachenjeza, gulu linamuseka, ndipo anthu omwe aja a pabwalo anaimirira pa mabenchi akufuula kuti, "Mumvereni mnzanu, mbuli inu!" Mnyamata wa makala uja ndiye ankafuula kwambiri, mitsempha ya pakhosi ili njoo. Ndinatuluka filimu ili pakati. Ndinaima padzuwa nditakunga zibakera, ine munthu amene sindinamenyepo ngakhale galu.

Ndawerenga zinthu zambiri kuchokera nthawi imeneyo, zina ndikuzimvetsa zina ayi, ndipo ndaona mafilimu ena a mtundu umenewu kwa ana anga ku Lusaka. Ndinazindikira kuti opanga mafilimuwa chilombo sachiopa kwenikweni. Chilombo amangochiika kuti tigule malo pa benchi. Chimene amaopa ndi anthu ogwirizana msanga. Ife tinkaona zimenezo Loweruka lililonse, tinkazimvetsa bwinobwino, tinkaziombera m'manja, ndipo sizinatithandize ngakhale pang'ono.

Mvula itayamba, njinga za pamsika zinayamba kugona m'makhonde, iyi wilo lapindika, iyo mabuleki atha. Wina anayesa kukhala pa mkuyu ndi sipanala ziwiri, koma ankangoononga. Anthu ankadandaula ngati kuti bambo uja anawathawa mwadala.

Mmawa wina ndikupalira kuseri kwa nyumba, neba wanga anafika akukankha njinga ya amuna awo. Anali mayi wogulitsa vitumbuwa, munthu wabwino, amene ankatibwereka mchere ndi kutisungira ana. Pa msonkhano paja anakhala pafupi nane, ndipo eee wawo ndinamumva bwino lomwe, chifukwa anali ndi liwu la kwaya. Amuna awo anali atadwala chifuwa, ankafuna kuwapititsa ku Mpanshya, koma wilo lakumbuyo linali litapindika ngati nthochi. Anafunsa ngati ndingawabwereke yanga. Ndinaitulutsa n'kuwapatsa. Mwina anaona nkhope yanga, chifukwa ataigwira chiwongolero anaima kaye.

"Ba neba, musaniyang'ane so," anatero. "Ine sininakhulupirirepo zija ngakhale tsiku limodzi. Bamdala aja ni munthu, tonse tinali kudziwa. Manje onse anati eee, ine nikanakhala chete, anthu akanati nili na chiyani nawo? Koma naimwe ba ticha, imwe amene muwerenga mabuku, mukanalankhula mwamphamvu pang'ono. Mwina tikanamvera."