Fodya wa Amayi mu Mfuti ya Amalume

Ndikukumbukabe kachitsulo kaja: habu ya njinga yakufa, imene amalume anaikhomera pachitsa kuseri kwa nkhokwe. Inali nthawi ya Chitaganya. Mfuti yawo inali yachijeremani, yokalamba kuposa eni ake, ndipo zipolopolo zake sizinkapezeka m'sitolo iliyonse ya ku Fort Jameson. Tsono ankatola makoko a zipolopolo amene mzungu wina wa pafamu ankataya, n'kumawakakamiza kuti akwane mfuti yawoyo. Ankawotcha kukamwa kwa khoko pamakala, kulipaka mafuta a nsatsi, kenako go! go! go! m'habu muja. Ambiri ankang'ambika. Opulumukawo ankawasisita ngati ana.

Dzinja lina amalume anapeza mbeta cha ku Mwami, ndipo anakadzitama kwa apongozi kuti atha anyani onse amene ankawadyera chimanga. Ine, kamtsikana ka zaka zisanu ndi zitatu, ndinamvapo chimodzi: akapha nyani akwatira, akakwatira apita kuchikamwini, ine n'kutsala wopanda wondikweza panjinga. Mtima unandipweteka, sindibisa.

Tsiku lina amalume anasiya makoko atatu palichero atathiramo kale onga, n'kupita kukasamba. Ndinakhuthula ongawo, ndinathiramo fodya wa amayi wam'mphuno. Lero ndikaganiza ndimachita nthumanzi, chifukwa ndikanapha munthu. Panthawiyo ndinadziona wanzeru kuposa aphunzitsi.

Tinapita tonse ku Mwami, dzuwa lili paliwombo. Mudzi wonse unaima pachulu kuonerera. Chinyani chachimuna chinakhala pamwala, chikusenda chimanga ngati chachigula. Amalume anagwada, analoza, anakoka. Mfuti inangoti phwi! ngati mwana waphwisa. Nyani anacheuka, n'kupitiriza kudya. Amalume potsegula mfuti kuti aone chavuta, fumbi lonse m'mphuno. Kuyetsemula kwake! Apongozi aakazi, amene mwamwambo sayenera n'kuyang'anana komwe ndi mkamwini, anakhala pansi ndi phwete.

"Mlekeni abwere," anatero apongoziwo akupukuta misozi. "Khasu silifuna onga."

Amayi anadziwa tsiku lomwelo, poti nsupa yawo ya fodya inali itapepuka, koma sanandimenye, ngakhale kundikalipira. Titakolola, amalume anamanga mphasa panjinga n'kunyamuka. Ndinawapeza amayi atakhala pamtondo, akulira mwakachetechete. Amalumewo anali mlongo wawo mmodzi yekhayo. Ine ndinagwada n'kupepesa, poganiza kuti akulirira fodya.