Labotale ya M'bokosi Lagalasi

Mwana wanga wamkazi ali fomu folo, anayamba kunena zosiya sukulu kuti anditsatire ku Cape Town. Ndinachita mantha, ndiye ndinanama. Ndinamuuza kuti satifiketi yanga ya fomu folo inandipezera ntchito mu labotale ya chipatala, naye alimbikire. Zoona zake ndinkakolopa m'nyumba za anthu ku Sea Point, mpaka kuchapa zofunda za galu.

Anangoyankha kuti, "Tumizani chithunzi cha kuntchito kwanu ndione." Makani mwana ameneyu anatengera ine ndemwe.

Sabata yonse ndinkangoganiza kokajambulitsa. Mayi wina wa ku Harare woluka tsitsi, yemwe tinayandikana nyumba ku Delft, ndi amene anandiuza za nyumba yosungiramo zida zakale za madokotala. Tsiku langa lopuma ndinavala bulauzi yoyera ya mvano kuti ndioneke wa kuchipatala, ndinakwera tekisi, minibasi ya kumeneko.

M'nyumbamo munali macheka odulira mafupa, mipando yozulirapo mano ndi mabotolo mbwee. Ine ndinkafuna chinthu chimodzi basi, maikulosikopu, makina oonera tizilombo aja. Ndinaipeza m'bokosi lagalasi, yamkuwa, yonyezimira. Koma kujambula kwake! Ndikaima uku, galasi likuonetsa zenera. Ndikaima uko, likuonetsa nkhope yanga ili thukuta kamukamu. Pansi pake panali kapepala kofotokoza zaka zake, ndinakaphimba ndi chikhatho.

"Hayi sisi, no touching," anatero mlonda.

Ndinamupempha atsegule bokosilo kamphindi kokha. Anaseka. Ndinamugwadira, ine mayi wamkulukulu, alendo akuyang'ana. Ataona misozi kuseka kunatha. Bokosi sanatsegule, koma anatenga foni yanga n'kundijambula nditaima pambali, dzanja lili m'mwamba ngati ndikusintha kanthu.

Ndinatumiza ndili mu tekisi. Tinadutsa bwalo la ndege asanayankhe. Kenako mawu ake anabwera.

"Amayi, ya kusukulu kwathu yothyoka ija ndi yatsopano kuposa imeneyo. Ndipo bulauziyo ndinaisita ndine tsiku munkanyamuka. Seriously?"

Ndinaimba pomwepo, anthu ali thithithi mu tekisi. Ndinaulula zonse, za zimbudzi, za mawondo otupa, za manja osweka ndi mankhwala. Ndinkaganiza kuti akamva zimenezi aopa kubwera. Ndinalira, ndinamuchonderera kuti angolemba mayeso okha, zina tidzakambirana.

Anamvetsera mpaka ndinamaliza.

"Ndamva, Amayi. Koma ngati inu ndi satifiketi yanu mukukolopa, ine ndivutikirenji? Mundifunsireko malo kwa madamu anu."



Anafika kutatsala milungu isanu kuti alembe mayeso, ndi kachikwama kamodzi. Lolemba lotsatira ndinamuphunzitsa kusungunula mankhwala okolopera m'ndowa.